Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yoyamba

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana athu,

Landirani moni wochokera kwa alezi onse ndi komiti ya sukulu. Teremu yoyamba yatha, ndipo ana tikukubwezerani ali bwino.

Pamsonkhano wathu ambiri munadandaula kuti ana amafika kunyumba zovala zili matope okhaokha koma m'kope mulibe kanthu. Ena munafunsa mosapsatira kuti, "Kodi kumeneko amangosewera basi?" Limeneli ndi funso la kholo lofunira mwana wake zabwino, choncho ndiliyankhe bwinobwino.

Mwana wa zaka 3 kapena 4 zala zake zimakhala zisanakhwime. Mukamupatsa pensulo amaifumbata ngati mpini wa khasu, akalemba pang'ono dzanja latopa, kenaka misozi. N'chifukwa chake ife timayamba ndi dongo. Akamaumba ng'ombe amakanda dongolo, amatsina nyanga ndi zala ziwiri, amamata miyendo mosamala kuti isathyoke, ndipo zala zomwezo ndi zimene zidzagwire pensulo akadzalowa Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Amatunga timapesi paulusi, amang'amba mapepala, amalemba a, e, i, o, u pamchenga ndi chala. Akalakwitsa amafufuta ndi chikhatho n'kuyambiranso, popanda womukalipira. Kope lidzabwera nthawi yake. Kumukakamiza msanga kumangomudanitsa ndi sukulu asanaiyambe n'komwe, ndipo zimenezo sindingalole pano.

Masamu nawonso timawagwira ndi manja. Mwana atha kulakatula 1 mpaka 20 pamtima koma osadziwa kuti zisanu n'zingati. Timawapatsa miyala, nthanga za maungu ndi zitsekerero za mabotolo kuti aziike m'magulu ndi kugawana mofanana. Pakona ya msika wina amagulitsa, wina amagula, masamba a mango ndiye ndalama. Mudzabwere tsiku lina mudzamve mmene amatsutsirana za chenji! Kamtsikana kena kanabwera mu Seputembala kosayankhula ndi aliyense, kongogwira chitenje cha mlezi. Sabata yatha ndinakapeza kakuitanira malonda a tomato wadongo mokweza mawu, mtima wanga unadzaza.

Zitini za nyemba zomwe abwera nazo kunyumbazo musataye. Anadzala okha, akhala akuthirira ndi kuyeza kutalika kwake ndi kamtengo. Afunseni, akufotokozerani.

Mvula yayamba, ndipo tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inachititsa kuti sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulira mu Januwale 2023. Ana aphunzira kusamba m'manja ndi sopo pa mpondagiya asanamwe phala komanso pochokera kuchimbudzi. Akakupemphani sopo kunyumba, chonde apatseni.

Amayi amene mwakhala mukusinthana kuphika phala m'mamawa, zikomo kwambiri. Mwana wanjala sasewera, amangokhala pakona akusinza. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yovuta m'makomo ambiri, tikudziwa, komabe amene mungathe tithandizeni ndi chimanga, soya kapena mtedza, ngakhale kambale kamodzi. Abambo, katungwe wathyoka mtanda ndipo denga la chisakasa chomwe ana amaumbiramo likudontha. Komiti ikuuzani tsiku loti tidzagwirire limodzi ntchitoyi.

Patchuthi pano musavutike ndi kuwalembetsa. Asankhe nanu nyemba, awerenge nkhuku polowa m'khola, ndipo madzulo agogo awasimbire nthano, anawo azivomera "tili tonse". Kusikelo musaphonye, makamaka amene sanamalize katemera.

Tidzatsegulira mu Januwale, ndipo tsiku lake talimata pachitseko cha ofesi. Pobwera mutitengere makatoni, nsalu zakutha, zitsekerero ndi zitini zopanda m'mphepete mwakuthwa. Mwana aliyense adzabwere ndi kapu yake ya phala komanso chovala chakale choumbira dongo.

Ndikufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chamtendere.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu