Chipangizo choyezera mawu a gitala chiziyamba ndi kumvetsa nsambo

Akonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi aphunzitsi komanso ophunzira a zamagetsi m'makoleji athu a ntchito zamanja, makamaka amene amasankha kupanga chipangizo choyezera kukwera ndi kutsika kwa mawu, chonga chimene oimba amachunira gitala. Ntchitoyi ndi yabwino ndipo siboola m'thumba, koma ndaona kuti ambiri amathera nthawi pa mkangano woti njira ya analog (yogwiritsa ntchito mphamvu yamagetsi mwachindunji) ndi ya digito (yoisandutsa manambala) yabwino ndi iti, pamene vuto lenileni lili pa mmene nsambo imalirira.

Chimene chipangizochi chimayeza ndi frequency, kapena kuti kuchuluka kwa maulendo amene chinthu chikunjenjemera pa sekondi imodzi, ndipo imayezedwa m'ma hertz (Hz). Muyezo umene oimba ambiri amatsata, woti noti ya A ikhale pa 440 Hz, unagwirizanidwa pa msonkhano wa ku London mu 1939, ndipo bungwe la ISO, loona za miyezo padziko lonse, linautsimikiza mu 1975. Potsata muyezowu, nsambo yaikulu ya gitala, ya noti ya E, imalira pa 82.41 Hz ndipo yaing'ono kwambiri pa 329.63 Hz. Noti iliyonse imaposa inzake yoyandikana nayo ndi pafupifupi magawo 6 pa 100 alionse, choncho kumunsi kuja, pakati pa E ndi F, pali kusiyana kosakwana 5 Hz.

Njira imene wophunzira amayamba kuiganizira ndi yowerenga maulendo amene siginecha ya mawu, ndikutanthauza mphamvu yamagetsi yochokera ku maikolofoni, ikudutsa pa ziro. Amakweza mphamvuyo ndi op-amp monga LM358, n'kuipititsa mu comparator (kachipangizo kofananiza mavoteji awiri) monga LM393, kenako LM2917 imasandutsa frequency kukhala voteji yoyendetsa singano ya mita. Akayesa ndi makina a m'labu otulutsa mawu oyera, zonse zimayenda bwino ndipo mphunzitsi amapereka malikisi. Koma nsambo yeniyeni silira mawu amodzi. Nsambo ya A ikamalira pa 110 Hz imatulutsanso 220, 330, 440 Hz ndi ena okwererapo, amene timawatcha ma harmonic, ndipo nthawi zambiri, makamaka ikangokhudzidwa kumene kapena maikolofoni ikakhala yaing'ono, 220 Hz imamveka mwamphamvu kuposa 110 Hz. Zikatero mphamvu ija imadutsa pa ziro kangapo m'malo mwa kawiri pa kuzungulira kumodzi, ndipo singano imalumphira ku noti yapamwamba. Mankhwala ake ndi filter yotsekereza mawu okwera, pamodzi ndi Schmitt trigger yoletsa comparator kutengeka ndi timaphokoso ting'onoting'ono, koma filter yoyenera nsambo yaikulu imapha mawu a nsambo yaing'ono, motero pamafunika swichi yosankhira nsambo iliyonse.

Amene athawira ku digito asaganize kuti apulumuka. Ambiri amatenga Arduino Uno, kabolodi kokhala ndi kakompyuta kakang'ono, n'kukopera pa intaneti pulogalamu ya FFT, yogawa mawu m'ma frequency ake, osawerengera kaye masamu ake. Bolodi imeneyi, ikasiyidwa mmene imabwerera, imayeza pafupifupi maulendo 9,600 pa sekondi, ndipo memory yake yogwirira ntchito ndi 2 KB yokha. Mukatenga miyeso 256, FFT imagawa mawu m'timagulu totalikirana ndi 37.5 Hz, pamene ife tikufuna kusiyanitsa manoti otalikirana ndi 5 Hz, ndiponso kudziwa ngati nsambo yaphonya ndi kachigawo kochepa chabe ka mpata umenewo. Kuli ngati kuyeza mchere wa m'ndiwo ndi sikelo yogulira chimanga.

Maganizo anga ndi akuti pa bolodi yaing'ono tiziyeza kutalika kwa nthawi imene mawu amatenga kuti abwereze maonekedwe ake, pogwiritsa ntchito autocorrelation. Pulogalamu imatenga miyeso ija, n'kuifananiza ndi miyeso yomweyo itasunthidwa pang'onopang'ono, mpaka itapeza pamene ziwirizo zikugwirizana kwambiri. Ubwino wake ndi wakuti ma harmonic onse amabwereza limodzi ndi mawu oyambira, choncho yankho limatuluka lolondola ngakhale 110 Hz ikhale yofooka. Njira ya YIN, imene Alain de Cheveigné ndi Hideki Kawahara anaifalitsa mu 2002, inakonza mfundo yomweyi kuti isamalumphe octave, ndiko kuti isamapereke kawiri kapena theka la frequency yeniyeni. Pali chenjezo limodzi: pa nsambo yaing'ono kuzungulira kumodzi kumangotenga miyeso 29, ndiye kuphonya ndi muyeso umodzi ndi kuphonya kopitirira theka la noti. Pulogalamu iyenera kuyerekeza malo enieni pakati pa miyeso itatu yoyandikana.

Ngakhale zili choncho, mbali ya analog siingathawike. Arduino siwerenga voteji yotsika kuposa ziro, choncho mawu ayenera kukhazikidwa pa 2.5 V ndi ma resistor awiri ofanana. Komanso magetsi athu a m'nyumba ndi a 50 Hz, ndipo kulira kwake kumabwera ndi 100 ndi 150 Hz, manambala amene ayandikana kwambiri ndi nsambo za A ndi D, pa 110 ndi 146.83 Hz. Waya wa maikolofoni akhale wamfupi komanso wotetezedwa, ndipo poyesa ndi bwino kugwiritsa ntchito batire osati tchaja yotchipa ya foni.

Pempho langa lomaliza ndi lakuti chipangizocho chizionetsa nambala ya Hz, osati dzina la noti lokha. Bangwe, kaligo ndi mangolongondo sizichunidwa potsata manoti 12 a piyano, ndipo chipangizo chongodziwa C, D ndi E chidzanena kuti woimba waphonya pamene iye wachuna mmene gule wakwawo amafunira. Mangolongondo ndi mayeso ovutirapo, chifukwa mawu achiwiri a thabwa losalala amakhala pafupifupi kuchulukitsa ka 2.76 mawu oyamba, osati kawiri ngati a nsambo, ndipo amazimiririka msanga. Aphunzitsi asamapereke malikisi wophunzira asanabweretse gitala ndi thabwa limodzi la mangolongondo m'labu.

Mphunzitsi wa zamagetsi,
Zomba