Makhonsolo awerenge bwino asanakongole ndalama za sola

Akonzi,

Tiloleni tithirirepo ndemanga pa nkhani yoika mapanelo a sola pa madenga a nyumba za khonsolo. Ganizoli ndi labwino, pakuti mtengo wa mapanelo udatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020. Pomwe makhonsolo ambiri amapunthwa ndi pa masamu.

Asanaitane kontalakitala, atenge mabilu a magetsi a miyezi 12 ndipo adziwe kuti nyumbayo imadya magetsi nthawi yanji. Mapanelo a kilowati imodzi amafuna denga la masikweya mita 5 kapena 6, ndipo kumene dzuwa limawala bwino amapanga mayunitsi pafupifupi 1,500 pachaka. Makilowati 50 ndiye kuti masikweya mita 300 ndi mayunitsi 75,000. Wogulitsa amangochulukitsa 75,000 ndi mtengo wa yunitsi, n'kunena kuti ndalama zopulumuka ndi zimenezo. Koma ofesi imakhala yotseka Loweruka ndi Lamulungu, masiku 104 pachaka, osawerengera a tchuthi. Ngati kampani yogawa magetsi silandira mayunitsi otsala, magetsi oposa kotala amangopita pachabe, ndipo ngongole yomwe ankati itha m'zaka 6 imafika zaka 8 kapena kupyola. Ndi chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi nyumba zogwira ntchito sabata yonse: mapampu a madzi, zipatala, mafiriji a m'misika.

Ndalama zimachokera njira zitatu. Kugula ndi ndalama za khonsolo n'kotchipa koposa, kungoti ndi makhonsolo ochepa amene ali nazo m'thumba. Ngongole ndi yabwino ngati zobweza pamwezi zili zochepa kuyerekeza ndi zomwe bilu yatsika. Ikhale ya ndalama ya dziko lomwe khonsolo imatolera misonkho, chifukwa ngongole ya madola imakula yokha ndalama ya m'dziko ikagwa mphamvu.

Njira yachitatu ndiyo imakopa ambiri. Kampani imaika zipangizo ndi ndalama zake, n'kukhala zake, khonsolo nkumagula magetsiwo pa yunitsi kwa zaka 15 mpaka 25. Tsiku loyamba palibe cholipira, ndipo makhansala amawomba m'manja. Msampha uli pa ndime yokweza mtengo chaka ndi chaka. Mtengo wokwera ndi 5 peresenti pachaka umawirikiza kawiri m'zaka 14. Ndime ina imakakamiza khonsolo kulipira magetsi onse opangidwa, kaya yawagwiritsa ntchito kaya ayi, ndiye aja a Lamulungu mumalipiranso. Mgwirizano unene poyera mtengo wogulira zipangizozo m'chaka cha 7 kapena cha 10, yemwe alipire inshuwalansi ya moto, mphenzi ndi akuba, komanso chochitika nyumbayo ikagulitsidwa kapena kampaniyo ikagwa.

Denga nalo likwereni. Mapanelo ndi zitsulo zake amalemera makilogalamu 12 mpaka 15 pa sikweya mita, ndipo amakhala zaka 25. Kuwamangirira pa malata a dzimbiri amene atsala ndi zaka 5 ndi kulipira amisiri kawiri, kutsitsa ndi kukwezanso. Ndalama zokonzera denga zilowe m'bajeti yomweyo.

Ambiri sadziwanso kuti inveta wamba (chipangizo chosintha magetsi ochokera ku mapanelo kuti agwire ntchito m'nyumba) yolumikizidwa ku mawaya a kampani yogawa magetsi imazima magetsi akathima, ngakhale dzuwa lili paliwombo. Idapangidwa dala choncho kuti isaphe amisiri okonza mawaya. Wofuna magetsi nthawi ya kuthima afunika inveta ya mtundu wina ndi mabatire, ndipo mtengo umakwera kwambiri. Mabatirewo awerengeredwe zinthu zofunikira zokha, monga makompyuta a ofesi ya zachuma ndi firiji ya mankhwala. Mabatire a asidi amatha zaka 3 mpaka 5, a lithium pafupifupi 10.

Chomwe chimapha ntchito zotere mwakachetechete ndi ichi. Bilu ikatsika, ndalama zopulumukazo zimasowera m'mafuta a galimoto ndi maalawansi. Inveta imakhala zaka 10 mpaka 15, ndipo ikapsa palibe amene amakumbukira kuti imafunika kugula ina. Mapanelo amatsala padenga akunyezimira, bilu yabwerera mwakale. Khonsolo itsekule akaunti yapadera tsiku lomwe yasaina mgwirizano, ndipo chaka chilichonse iziikamo 1 kapena 2 peresenti ya mtengo wa ntchito yonse. Zimenezo ndi za kutsuka fumbi, kuyendera mapulagi a mawaya omwe akapanda kugwirana bwino amatentha n'kuyambitsa moto, kusintha zotchinga mphenzi, ndi inveta yatsopano.

Kontalakitala asalandire ndalama zonse tsiku lomwe wamaliza ntchito. Khonsolo isunge 10 peresenti kwa miyezi 12, ndipo mlembi mmodzi azilemba nambala ya pa mita ya sola mwezi uliwonse, kuti mayunitsi enieni ayerekezedwe ndi amene adalonjezedwa ndalama zotsalazo zisanatuluke.

Owerenga anu,
Amisiri a magetsi a dzuwa