Flamingo si bakha woweta pakhomo

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi eni mafamu ndi malo ochezera ozungulira Lusaka amene amalakalaka kuweta flamingo, mbalame ya miyendo yaitali ndi nthenga zofiirira, kuti damu lawo likongole. Mbalameyi siwetedwa ngati bakha, ndipo nkhani yagona pa mlomo wake.

Flamingo imadya itazondotsa mutu m'madzi. Lilime limapopa madzi, ndipo timizere tothithikana ta m'kati mwa mlomo timagwira chakudya ngati sefa, madziwo n'kutuluka. Mtundu waung'ono wa flamingo umasefa ndere zing'onozing'ono za m'nyanja zamchere, za madzi oluma ngati chidulo. Waukulu umapondaponda thope kuti uvundule mphutsi, tinkhono ndi tinkhanu. Kufiira kwa nthenga kumachokera m'zakudya zimenezi. Mukamaipatsa gaga, nthenga zakale zikathothoka zomera m'malo mwake zimakhala zoyera, ndipo yosuluka chonchi imavutika kupeza inzake nthawi yoswana.

Kusunga ziwiri kapena zitatu n'kuzizunza. Flamingo zimaswana zitayamba zavina pagulu lalikulu, makosi ali njo, mitu ikutembenukira uku ndi uku. Yaikazi imaikira dzira limodzi lokha pa kachulu ka thope kofika masentimita 30, ndipo imasinthana ndi yaimuna kufungatira kwa masiku pafupifupi 28. Zonse ziwiri zimadyetsa mwanapiye timadzi tofiira tochokera kukhosi, mpaka izo zomwe zimasuluka. Anapiye akalimba miyendo amasonkhana gulu limodzi, zazikulu zochepa n'kumawayang'anira.

Madzi ndiwo amalamula zonse. Akasefukira zisa zimamira, akaphwa msanga makolo amazithawa, monga zinachitikira pa Kamfers Dam ku Kimberley m'dziko la South Africa mu 2019, pamene anthu anapulumutsa anapiye pafupifupi 2,000. N'chifukwa chake malo oswanirana ndi owerengeka, monga nyanja ya Natron ku Tanzania, Sua Pan ku Botswana ndi Etosha ku Namibia.

Kuno kwathu mbalamezi ndi alendo odutsa. Zimauluka usiku, ndipo zina zimawomba mawaya a magetsi. Mukapeza yovulala, iphimbeni kumutu ndi nsalu kuti ikhale bata, musaipinde miyendo mokakamiza chifukwa sichedwa kuthyoka, ndipo dziwitsani a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ya Department of National Parks and Wildlife ku Chilanga. Lamulo la nyama zakutchire la 2015 sililola kuisunga popanda chilolezo.

Okonda mbalame,
Lusaka