Mayi akachedwa kuima, ayezetse chithokomiro

Akonzi,

M'mabanja athu ambiri kuno ku Harare, ku Mbare ndi ku Highfield komwe, mayi akatha chaka osaima amalozedwa chala, pomwe vuto mwina lili pakhosi, pa kachiwalo kotchedwa chithokomiro. Chithokomiro chikafooka, TSH (homoni yolamula chithokomiro kugwira ntchito) imakwera m'magazi, prolactin (homoni yoyambitsa mkaka wa m'mawere) nayonso n'kukwera, dzira osatuluka mwezi ndi mwezi. Mayiyo msambo umamusokonekera, amamva kuzizira ngakhale mu Okutobala, tsitsi limatsalira pa chipeso. Akayezetse magazi a TSH ndi T4 (homoni yopangidwa ndi chithokomiro) kuchipatala, bambonso akayezetse umuna.

Mankhwala a chithokomiro chofooka ndi levothyroxine, koma ambiri amawamwa molakwika, ndipo izi zimatiwawa mtima. Amwedwe m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi okha, kenako padutse mphindi 30 mpaka 60 asanamwe tiyi kapena phala. Mapiritsi a ayironi atalikirane nawo maola 4, chifukwa amaletsa mankhwalawo kulowa m'thupi. Mimba ikangodziwika, abwerere kwa dokotala msanga, poti mlingo kawirikawiri umafunika kuwonjezedwa.

Pakhomo mugwiritse mchere wa ayodini, wotsekedwa bwino, poti chithokomiro chimafuna ayodini kuti chigwire ntchito.  

Ogwira ntchito zaumoyo,
Harare