Ochita kafukufuku pa ana aulumali azibweranso kudzatiuza zomwe apeza

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi anzathu amene akuchita digiri yachiwiri m'sukulu zaukachenjede, makamaka amene asankha kulemba za maphunziro ophatikiza ana aulumali ndi anzawo m'kalasi imodzi. Ine ndine mphunzitsi wa ana osaona ndi oona movutikira pa risosi senta ina (malo othandizira ana aulumali pasukulu) m'chigawo chapakati, ndipo ntchitoyi ndinaiphunzira ku koleji ya Montfort, ku Nguludi.

Ofufuzawa timawalandira ndi manja awiri. Amafika ndi kalata ya ku ofesi ya maphunziro, foni yojambulira mawu ndi mpukutu wa mapepala a mafunso. Ambiri ndi aphunzitsi anzathu ndithu, olipira okha fizi ndi ngongole za kubanki, choncho sindikuwanyoza. Paja akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Dandaulo langa n'lakuti pafupifupi onse amafunsa funso limodzi, ndipo akapita sitiwaonanso.

Funsolo ndi ili: kodi aphunzitsi akugwirizana nazo zoti mwana waulumali aziphunzira pamodzi ndi anzake? Pansi pake pali timabokosi tisanu, kuyambira "ndikuvomereza kwambiri" mpaka "ndikukana kwambiri". Tsono ndani angachonge kukana? Mayiko 92 adagwirizana za mfundoyi ku Salamanca, m'dziko la Spain, mu 1994, chaka chomwe kuno pulayimale idakhala yaulere ana n'kudzadza m'makalasi mpaka pansi pa mitengo. Malawi idavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, idakhazikitsa lamulo lake mu 2012, ndipo mu 2024 kudabwera lamulo latsopano. Unduna wa zamaphunziro udali ndi ndondomeko yake ya maphunziro ophatikizawa ya 2017 mpaka 2021. Mphunzitsi aliyense wa boma akudziwa yankho limene likufunika, ndipo amalipereka mwaulemu. Wofufuza akawonkhetsa amapeza kuti aphunzitsi ali ndi mtima wabwino koma zipangizo n'zochepa, ana ndi ambiri, maphunziro apadera akusowa. Zimenezi ngakhale alonda a pasukulu akuzidziwa.

Ndikadakonda wina atabwera kudzatsata kope limodzi la mwana wosaona kwa sabata yathunthu. Aphunzitsi a Sitandade 6 akalemba ntchito pabolodi, mwanayo amadikira mnzake amuwerengere, iye n'kumaboola pepala lolimba ndi kachitsulo, kuyambira kumanja kupita kumanzere, kuti akalitembenuza timadontho tiwerengeke bwino. Ngati makina a Perkins, otayipira zilembo za timadonthozi zotchedwa Braille, ali moyo ntchito imafulumirako, koma athu ambiri batani limakanirira ndipo wokonza ali kutali. Akamaliza, aphunzitsi ake sangachonge poti Braille saidziwa. Pepala limabwera kwa ine, ndilembe ndi bolopeni pamwamba pa mzere uliwonse zomwe mwana walemba, ndiye libwerere kukalasi. Pomwe likubwerera anzake adachongeredwa kale, adakonza zolakwa, ali pa mutu wina. Pa masamu ndiye zimavuta koposa, chifukwa chojambula cha makona atatu chimafuna ulusi ndi guluu, ndipo ndimachimata madzulo kunyumba. Mwanayu m'kaundula alimo, m'kalasi amakhalamo, ndipo pa pepala la wofufuza amawerengedwa kuti waphatikizidwa. Kodi amatsalira masiku angati pa teremu? Amatsalira kwambiri pa phunziro liti? Ameneyo ndiye kafukufuku amene ndingamunyamule kupita naye kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni yathu, n'kuwaonetsa.

Chimodzimodzi ana achialubino. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo ambiri mwa iwo amaona movutikira. Malangizo amene timamva ndi akuti mwana akhale kutsogolo. Chabwino, wakhala. Koma bolodi lathu ndi simenti yopaka utoto umene udasuluka kalekale, choko chake n'chotuwa, ndipo dzuwa likalowa pa timabowo ta njerwa tomwe timati mawindo mwanayo amangotsinzina. Wina ayeze kuti kupaka bolodi utoto watsopano ndi kulemba zilembo zikuluzikulu kumasintha chiyani pa malikisi. Zimenezo sizifuna ndege kapena thandizo lakunja.

Chachiwiri chimene chimandipweteka ndi m'mene ana eni ake amafunsidwira, akafunsidwa n'komwe. Wofufuza amakhala mu ofesi ya ahedi, ahedi ali pompo, ine ndili pambali, ndiye akumufunsa mtsikana wa zaka 13 ngati aphunzitsi amamusamala. Ayankha chiyani? Zoti anzake amamubisira ndodo yake, kapena kuti amadziletsa kumwa madzi m'mawa poopa chimbudzi chokumba chomwe sachiona bwino, anganene kwa munthu amene wakhala naye pansi masiku angapo, osati kwa mlendo wa mphindi khumi. Kwa ana osamva zimaposa apa. Bungwe la anthu osamva la MANAD lidatulutsa dikishonale ya chinenero chamanja cha ku Malawi mu 2021, koma ofufuza ambiri amabwerabe opanda womasulira, n'kudalira mphunzitsi yemweyo amene mwana akanafuna kumudandaula. Ndipo mwana amene adasiya sukulu, amene ali kumudzi chifukwa mkulu wake womubereka kumsana adakwatiwa, safikiridwa n'komwe, poti msewu wa wofufuza umathera pa ofesi ya ahedi.

Za kubweranso ndinene mwachidule. Buku la kafukufukuyo likatha limalembedwa m'Chingerezi cholemera, limamatidwa chikuto cholimba, limakakhala mulaibulale kapena pa intaneti pomwe bando yanga singafike. Mayi amene adadinda chala pa fomu yovomereza kuti mwana wake afunsidwe sadzamva chomwe chidatuluka.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi oyang'anira ophunzirawa ku Zomba, ku Mzuzu, ku Nguludi ndi kwina konse, komanso makomiti amene amapereka chilolezo cha kafukufuku. Wophunzira asavale chisoti asanabwerere kusukulu imene adafunsako. Abweretse masamba awiri okha, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, pepala lina likhale la Braille, akawerenge pamaso pa komiti ya sukulu, amayi a mother group ndi ana omwe, lina asiye ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni, kuti aphunzitsi a m'zoni aliwone. Ngati thiransipoti yavuta, atumize uthenga wamawu pa WhatsApp kwa ahedi, ife tidzauika pa sipika tsiku la msonkhano wa makolo. Ndipo amene akufunafuna mutu wolemba chaka chino abwere atifunse ife tisanamuone ndi mapepala osindikiza kale. Makope a Braille odikira kumasuliridwa ali pa tebulo langa, ayambire pamenepo kuwerenga.

Mphunzitsi wa ana aulumali,
Chigawo chapakati