Si gemu iliyonse ili ya juga

A Mkonzi,

Sabata yatha pamsonkhano wa makolo kusukulu ya mwana wanga, mayi wina anaimirira n'kunena kuti magemu onse ndi juga, ana aletsedwe. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinangoti duu, koma nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima.

Ndinakulira ku Ndirande. Mu 1998 amalume anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi kamakina ka magemu kolumikiza ku TV kotchedwa Terminator, kobera nzeru za Famicom ya Nintendo. Nthawiyo TVM inali isanayambe, inadzatsegulidwa mu 1999, ndiye TV yathu inali yoonerapo matepi basi. Pakatiriji yachikasu panalembedwa kuti muli magemu 9999999. Bodza lamkunkhuniza! Ukalowa unkapeza Super Mario yemweyo, Contra, akasinja a Battle City ndi abakha a Duck Hunt, akungobwerezabwereza. Galu wa mu Duck Hunt uja ankakuseka ukaphonya, ndipo mpaka lero ndikadali naye chakukhosi.

Tinkadzazana pamkeka ana asanu ndi atatu, mapadi awiri okha. Lamulo linali limodzi: wafa, pereka kwa mnzako. Chithunzi chikasokonekera unkazula katiriji, kuiuzira mpweya fuu fuu, n'kuibwezeramo. Adaputala ikatentha tinkaikupiza ndi chivindikiro cha poto amayi asanaone. Panalibe zosunga pomwe wafika. Magetsi akazima uli pa 8-4, gawo lomaliza la Super Mario, pakhomo penipeni pa chilombo chija Bowser, mawa unkayambiranso pa 1-1, gawo loyamba. Mnyamata wina wa ku Chilomoni ndiye anatiphunzitsa chinsinsi cha Contra: kudina m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere kumanja kawiri, B, A, basi miyoyo 30. Tinkamupatsa ulemu ngati mfumu.

Sindikuti tinali angelo. Nditafika Fomu 2 ndinadyapo ndalama ya minibasi posewera Winning Eleven pa PlayStation m'kashopu kena ku Limbe, n'kubwerera wapansi mpaka ku Ndirande. Bambo anandikonza madzulo omwewo.

Koma Mario sankalonjeza munthu ndalama. Chimene chikupweteka ana athu lero ndi kubetcha pafoni, gemu ya kandege kaja kongouluka ndi ndalama ya ndiwo, chonsecho mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Makolo tikamangoti "magemu" osasiyanitsa, mwana amabisa zonse ziwiri, ndipo sitidziwa kuti foni ili m'manjayo ikumuseweretsa mpira kapena ikumudyera makobidi. Khalani naye pansi, akuonetseni chimene akusewera. Eni mashopu a magemu nawonso asamalandire ana a yunifolomu nthawi ya sukulu.

Loweruka ndinayesa zimenezi ndi mwana wanga wa zaka 11. Anandigagada 6-0 pa gemu ya mpira, kenako n'kundifunsa kuti, "Adadi, mesa munkati munali katswiri?" Ngati alipo wina ku Bangwe kapena ku Zingwangwa amene adasunga Terminator yoti ikuyakabe, andibwereke tsiku limodzi lokha. Ndikufuna ndione ngati mnyamatayu angadutse 8-4.

Kholo lokonda magemu,
Ndirande, Blantyre