Gogo amene ndimawagwirira ntchito akundipatsa katundu wa malemu amuna awo

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Salima koma ndili kuno ku Joni, komwe ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa gogo ena achizungu ku Randburg. Ndakhala nawo nthawi yaitali ndipo ndi munthu wabwino. Pomwe boma la kuno linkakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa R28.79 pa ola mu Malichi 2025, iwo anali akundipatsa kale zoposa pamenepo. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa alipo anzanga amene amapatsidwa zovala zakale m'malo mokwezeredwa malipiro. Vuto langa si limenelo ayi.

Amuna awo anamwalira chaka chatha. Ana awo ali kutali, wina ku London wina ku Perth, ndiye gogowo aganiza zogulitsa nyumba kuti akakhale kumalo osamalirako okalamba. Chiyambireni kulongedza, Lachisanu lililonse ndimaweruka ndi chikwama. Muli masuti, majekete aubweya, nsapato, hita, bulangete la magetsi, makina ophikira buledi, ngakhale makapu amene anali a mayi awo.

Sikuti amangotaya zinthuzi. Chilichonse amayamba achigwira kaye, n'kundifotokozera mbiri yake, nthawi zina misozi ili m'maso. Suti ina anandiuza kuti malemuwo anavala pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, ndipo akufuna ikavalidwe ndi bambo anga ku Malawi. Azakhali, ine ndinaleredwa kuti mphatso umalandira ndi manja awiri, kuthokoza, m'mawa mwake n'kuthokozanso zadzulo. Kwathu sindinaonepo munthu akubweza chimene wapatsidwa. Ndiye ndimalandira.

Koma ndimakhala m'chipinda chimodzi ku Rosettenville pamodzi ndi msuweni wanga. Zikwama zadzaza kunsi kwa bedi, zina tasanjikiza kuseri kwa chitseko, moti mnzangayo wayamba kudandaula, ndipo sindingamuimbe mlandu poti lendi timalipira tonse. Hita sitingayatse chifukwa magetsi ndi ogula mayunitsi ndipo timagawana ndi anthu a zipinda zina.

Mwina munena kuti tumizani kumudzi. Kutumiza katundu kuchoka kuno si masewera. Kaya ndi pa basi za ku Park Station kaya kwa matransipota, mtengo umakwera malinga ndi kukula kwa katunduyo, ndipo ulendo wake ndi wodutsa pa Beitbridge, Zimbabwe yense, Tete, mpaka kukalowa pa Dedza kapena pa Mwanza, pomwe a MRA amaona za msonkho. Ndalama imeneyo ndi yomwe ndimalipirira fizi ya mwana wanga amene ali Fomu 3. Nanga zikafika zikathandiza ndani? Majekete amenewa ndi a chisanu cha kuno cha mu Juni ndi Julaye. Ku Salima, ndi kutentha kwa kunyanja kuja, angavale ndani? Kumudzi kwathu magetsi sanafike, ndipo ngakhale m'tauni mapulagi a kuno ndi a mano obulungira, salowa m'masoketi a kwathu popanda adaputa.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chandisowetsa tulo ndi mawu a bambo anga. Nditawaimbira foni anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ndikawathokozere gogowo kwambiri, koma sutiyo savala. Iwo akuti zovala za munthu womwalira zimagawidwa pakati pa abale ake, maliro atatha, akuluakulu a banja atakhala pansi n'kugwirizana kuti ichi chipite kwa uje. Malemuwo si mbale wawo, sanawaonepo, ngakhale pamaliro pawo sanakhalepo. Mayi nawonso akuti chovalacho chisalowe m'nyumba mwawo. Ine ndimapemphera ndipo sindiopa nsalu, koma bambo anga ndi munthu wamkulu, sindingawakakamize pa nkhani ngati imeneyi. Komanso ndikaganiza mofatsa ndimaona kuti akunena zoona, sutiyo inayenera kupita kwa mwana kapena mdzukulu wa malemuwo. Tsono gogo aja amandifunsa kawirikawiri ngati katundu wanyamuka, ndipo akudikira chithunzi cha bambo atavala suti kuti akatumizire ana awo pa WhatsApp.

Malangizo ndalandira ambiri. Mchimwene wanga akuti nditumize basi, iye akagulitsa pa kaunjika pa Kamuzu Road ku Salima. Msuweni wanga akuti tiike zonse pa Facebook Marketplace, tipeze mkulu wina wa kwathu konkuno avale suti ija timujambule, gogowo sadzadziwa. Zimenezo ndakana. Mayi amene amandisiyira makiyi a nyumba yawo, amene anandilipirira basi pomwe ndinkapita kukaika azakhali anga, sindingawanamize ndi chithunzi.

Amayi a Mvano kutchalitchi kwathu anandipatsa ganizo limene mtima wanga unakondwera nalo. Akuti alipo anyamata ambiri ongofika kumene kuchokera kumudzi, amene amabwera ndi malaya opyapyala osadziwa kuzizira kwa Joni, ena akufunafuna ntchito alibe ndi chovala chooneka bwino chokaonekera kwa abwana. Majekete ndi masutiwa angawathandize kwambiri. Koma si zimene mwini wake anapempha. Masitolo a Hospice ndi a Salvation Army, komwe anthu a kuno amapereka katundu wotere, gogowo amawadziwa bwino kuposa ine. Anawalambalala dala n'kusankha ine, chifukwa akufuna kudziwa munthu amene wavala chovala cha amuna awo. Kodi chinthu ukapatsidwa chimakhala chako ndithu moti ungachipereke komwe wafuna, kapena chimakhalabe ndi mawu a wokupatsayo? Makapu a mayi awo okha ndiye ndidzasunga, amenewo ndawakonda ndipo ndidzapita nawo kumudzi ndekha.

Sindikubisirani, mantha a ntchito aliponso. Akasamuka ndidzafuna kalata yondichitira umboni kuti ndipeze malo ena, ndipo sindikufuna tisiyane ali okhumudwa. Koma chachikulu n'chakuti mayiwa akadali pachisoni, ndipo ndikuopa kuti ndikawauza kuti bambo akana, amva ngati takana amuna awo.

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi ndiwauze zoona zonse, kuphatikizapo mwambo wa kwathu, kapena ndingonena za kudula kwa mayendedwe? Kodi n'kulakwa kuwapempha kuti andilole kugawira anyamata a kutchalitchi aja, mwina n'kubwera ndi mmodzi kuti adzamuone ndi maso awo? Asamuka mwezi wamawa, ndipo wodilopu ya malemuwo ikadali ndi zovala. Lachisanu likubwerali akadzanditambasulira chikwama china, ndidzayambe ndi mawu otani?

Ine wosowa chochita,
Rosettenville, Johannesburg